Jesse James: mbava ya sitima imene nyuzipepa inaiveka ulemu

Madzulo a pa 21 Julayi 1873, pafupi ndi katauni ka Adair m'chigawo cha Iowa ku America, anthu angapo a gulu la Jesse James anamasula chitsulo chimodzi cha njanji, n'kuchimanga ndi chingwe, eni ake n'kukabisala pambali. Sitima ya kampani ya Rock Island itayandikira, anakoka chingwe chija. Injini inasiya njanji n'kugubuduzika, ndipo woyendetsa wake, John Rafferty, anafera pomwepo. Achifwambawo analowa m'bogi yonyamula ndalama, anasechanso apaulendo, koma zonse pamodzi anangopeza madola pafupifupi 3,000. Kumaso anali atavala zophimba zonga za gulu la Ku Klux Klan, gulu la azungu a kumwera limene panthawiyo linkazunza ndi kupha anthu akuda omwe anali atangomasulidwa ku ukapolo.

Zophimba kumaso zimenezo n'zimene zikulongosola bwino za Jesse James kuposa mafilimu onse a makauboyi amene tinakula tikuonera. M'mafilimu iye ndi mnyamata wapakavalo wa kuchipululu, wolanda olemera kuti adyetse osauka. Komatu Jesse sanali woweta ng'ombe, ndipo kwawo sikunali kuchipululu. Kunali minda, matchalitchi, mabanki ndi nyuzipepa. Chimene chinamuumba ndi nkhondo yolimbirana ukapolo, ndipo iye anali mbali ya ofuna kuti ukapolowo upitirire.

Anabadwa pa 5 Sepitembala 1847 pafamu ina ku Clay County, kumadzulo kwa chigawo cha Missouri, pafupi ndi pamene pali tauni ya Kearney lero. Bambo ake, Robert James, anali m'busa wa mpingo wa Baptist wochokera ku Kentucky, munthu wophunzira, mmodzi mwa amene anathandiza kuyambitsa koleji ya William Jewell ku Liberty. Ankalimanso chamba chopotera zingwe, chosaledzeretsa chija, ndipo ogwira ntchito m'mundamo anali akapolo ake. Mu 1850 m'busayo anatsatira khamu lokafuna golide ku California, n'kukamwalira komweko Jesse akadali kamwana. Mayi ake, Zerelda, anakwatiwanso kawiri, kachitatuko ndi dokotala wofatsa, Reuben Samuel, mu 1855. Pakhomopo mawu omaliza ankakhala a Zerelda, ndipo akapolo analipobe mpaka nkhondo. Chotero nkhani yoti Jesse anayamba kuba chifukwa cha umphawi tiiyike pambali msanga.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865. Zigawo za kumwera zinagalukira boma pofuna kuteteza ukapolo, za kumpoto n'kulimbikira kuti dziko lisagawike. Missouri inali pakati. Ukapolo unali wololedwa, koma chigawocho sichinachoke m'boma, ndipo anthu ake ambiri anamenya nkhondo kumbali ya kumpoto. Zotsatira zake zinali zoopsa kuposa kumene magulu akuluakulu a asilikali ankakumana pabwalo: kuno wokuwombera anali mnansi wako, amene munkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anyamata a mbali ya kumwera analowa m'tchire n'kukhala zigawenga zimene ankazitchula kuti bushwhackers, zopanda yunifolomu, zodalira akavalo othamanga, mfuti zazifupi zingapo munthu mmodzi, ndiponso chakudya chimene abale awo ankawapatsa usiku.

Frank James, mkulu wake wa Jesse, ndiye anayamba kulowa. Anali m'gulu la William Quantrill, limene pa 21 Ogasiti 1863 linalowa m'tauni ya Lawrence ku Kansas n'kupha amuna ndi anyamata oposa 150, ambiri opanda chida m'manja. Miyezi ingapo izi zisanachitike, asilikali a mbali ya boma anafika pafamu ya a Samuel kudzafunsa za Frank, ndipo anamangirira dokotala uja chingwe m'khosi n'kumamukweza mumtengo kuti aulule. Jesse anali ndi zaka 15. Chaka chotsatira nayenso analowa m'tchire, n'kukathera m'gulu la William Anderson, yemwe chifukwa cha nkhanza zake ankatchedwa Bloody Bill.

Sitima yoyamba imene gulu la Jesse linaimitsa sinali ya ku Adair ayi. Pa 27 Sepitembala 1864, ku Centralia, anyamata a Anderson anatseka njanji, anatsitsa asilikali a boma oposa 20 amene ankapita kutchuthi opanda mfuti, anawavula, n'kuwawombera. Madzulo ake anabisalira asilikali amene ankawalondola n'kupha oposa 100, mitembo ina n'kuidula ziwalo. Iyi ndiyo sukulu imene mnyamata wa zaka 17 anaphunzirako. Patatha mwezi umodzi Anderson anaphedwa ndi asilikali otsogoleredwa ndi Samuel Cox, dzina limene Jesse analisunga mumtima. Mu Meyi 1865, nkhondo ikutha, Jesse anawomberedwa pachifuwa pafupi ndi Lexington. Amene anamudwazika anali msuweni wake, Zerelda Mimms, mnzake wa dzina wa mayi ake, ndipo awiriwa anadzakwatirana mu 1874.

Nkhondo inatha, koma ku Missouri chidani sichinathe. Malamulo atsopano a chigawocho a mu 1865 anati aliyense amene anathandizapo ogalukira asavote, asakhale paudindo, asaphunzitse sukulu, ngakhale kulalikira kumene. Akapolo anamasulidwa. Anthu onga banja la a James anadziona ngati alendo kwawo komwe, akulamulidwa ndi anansi amene dzulo ankasakana nawo m'tchire. Zigawenga zina zinabwerera kukalima. Zina zinaona kuti luso la kubisalira, kulanda ndi kuthawa pakavalo silinathe ntchito.

Pa 13 Febuluwale 1866 anthu okwera akavalo anabera banki ya Clay County Savings Association ku Liberty masanasana, n'kutenga ndalama ndi zikalata za boma zokwana madola pafupifupi 60,000. Pochoka anawombera mnyamata wa pakoleji, George Wymore, amene ankangodziyendera mumsewu. Anali anthu akale a Anderson, ndipo eni bankiyo anali a mbali ya boma. Dzina la Jesse linayamba kumveka m'nyuzipepa mu Disembala 1869, pamene iye ndi mnzake analowa m'banki ya ku Gallatin n'kuwombera wosunga ndalama, John Sheets. Anatenga zochepa zedi. Pothawa ankadzitama kuti abwezera imfa ya Anderson, poganiza kuti apha Samuel Cox. Anali atapha munthu wolakwika.

Apa m'pamene pakulowa munthu amene popanda iye sitikanamumva Jesse James. John Newman Edwards anali msilikali wa kumwera, wothandizira mkulu wa asilikali Jo Shelby, ndipo nkhondo itatha anakhala mkonzi wa nyuzipepa ya Kansas City Times. Cholinga chake chinali choti anthu a kumwera abwezeretse ulamuliro ku Missouri, ndipo ankafuna ngwazi yoti anthu ogonja aziyang'anako n'kutukula mutu. Kuyambira mu 1870 anayamba kusindikiza makalata osainidwa ndi Jesse, okana milandu yonse, onena kuti akusakidwa chabe chifukwa anamenyera kumwera. M'kupita kwa nthawi makalatawo anasanduka andale zenizeni, onyoza chipani cha Republican, chimene chinkalamulira dzikolo, ndi pulezidenti Ulysses Grant. Mu Sepitembala 1872 achifwamba atatu analanda ndalama za pakhomo pachionetsero cha zaulimi ku Kansas City, pamaso pa chikhamu cha anthu, ndipo kamtsikana kena kanavulala ndi chipolopolo. Edwards analemba nkhani yowatamanda ngati ankhondo olemekezeka a m'nthano zakale za ku Ulaya. Jesse anayamikira kwambiri, mpaka mwana wake wamwamuna anamutcha Jesse Edward.

Ndikawerenga za anthu awiriwa ndimaona kuti ankafunana ngati mtondo ndi munsi. Mkonzi ankafuna nkhani, mbava inkafuna chitetezo. Mlimi wa ku Clay County amene wawerenga kuti anyamatawa ndi anzake ozunzidwa sangaulule kumene agona, ndipo akafunsidwa kukhoti anena kuti tsiku limenelo anali nawo kumunda. Amene sankawakonda ankakhala chete chifukwa cha mantha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kwa zaka zoposa khumi abale a James anakhaladi pamkhate.

Nanga bwanji anasamukira kusitima? Sanayambitse ndi iwo. Abale a Reno anali atabera kale sitima ikuyenda pafupi ndi Seymour ku Indiana mu Okutobala 1866. Koma pofika zaka za m'ma 1870 njanji zinali zitayala dziko lonse, ndipo ya kuchokera kum'mawa kukafika kunyanja ya kumadzulo inalumikizidwa mu 1869. Masiku amenewo ndalama zinkayenda zenizeni, mapepala ndi golide, kuchoka kumabanki a New York kupita kumidzi nthawi yogula zokolola, kenako n'kubwerera. Onyamula sanali eni sitima koma makampani apadera otumiza katundu mwachangu, monga Adams Express ndi United States Express. Iwo ankakhala ndi bogi yawoyawo kufupi ndi injini, muli sefa ndi wantchito mmodzi woyang'anira. Bogi imeneyo inali banki yoyenda, yodutsa m'tchire usiku, kutali ndi anthu a m'tauni amene akanatha kutola mfuti.

Kugwetsa sitima ngati ku Adair sanakubwerezenso kwenikweni. Njira yosavuta inali kufika pakasiteshoni kakang'ono, kutsekera anthu onse m'chipinda chimodzi, kuonetsa mbendera kapena nyali yofiira kuti sitima iime, mwinanso kuipatutsira panjanji yapambali. Awiri agwire woyendetsa, ena alowe m'bogi ya ndalama, ena aziwombera m'mwamba kuti apaulendo asasuzumire pawindo. Pamene uthenga unkafika kwa apolisi, iwo anali atapita kale. Apolisi a dziko lonse kunalibe. Mkulu wa apolisi wa dera lililonse ankachita kusonkhanitsa alimi odzipereka, pa akavalo olimira, kuti athamangitse anthu okwera akavalo a mpikisano.

Panalinso phindu lina: anthu wamba sankawakonda eni njanji. Alimi ankadandaula ndi mitengo yonyamulira mbewu, ndipo madera ambiri a Missouri anali atatenga ngongole zothandizira kumanga njanji zimene zina sizinamangidwe n'komwe, misonkho n'kumalipirabe. Wobera sitima ankaoneka ngati wabwezerako anthu. Jesse ankadziwa kusewera ndi maganizo amenewa. Ku Gads Hill, pa 31 Januwale 1874, amene anali m'sitima anasimba kuti achifwambawo ankayang'ana zikhatho za amuna, n'kumasiya a manja okhakhala chifukwa ndi anthu ogwira ntchito. Pochoka anasiya kapepala kolembedwa kale ngati nkhani ya m'nyuzipepa, kofotokoza za kuba kumeneko, n'kusiya mpata woti atolankhani alembepo kuchuluka kwa ndalama. Mbava yobwera ndi nkhani yakeyake yolembalemba!

Koma pa ndalama zonse zimene gululi linalanda, palibe umboni woti linagawirako osauka. Zinkathera pa akavalo, njuga ndi moyo wobisala. Ndipo tikumbukire kuti nthawi imeneyo boma silinkabwezera ndalama zosungitsa banki ikaberedwa. Zobedwa m'banki ya katauni zinali za wamalonda, mlimi ndi mayi wamasiye a m'katauni momwemo.

Makampani onyamula ndalama aja ataona kuti apolisi a m'madera alephera, analemba ganyu kampani ya ofufuza ya Allan Pinkerton ya ku Chicago. Zinayamba moipa. Mu Malichi 1874 wofufuza wina, Joseph Whicher, anapita yekha kufamu ya a Samuel akunamizira kufuna ganyu, ndipo m'mawa mwake anapezeka atafa. Patangopita masiku, wina, Louis Lull, anawomberana ndi abale a Younger, omwe anali theka lina la gululi. John Younger anafa, Lull nayenso anafa ndi mabala. Pinkerton anaitenga nkhaniyi ngati yakeyake. Usiku wina chakumapeto kwa Januwale 1875 anthu ake anazinga nyumba ya a Samuel n'kuponyamo chitsulo choyaka moto. Chinaphulika. Archie Samuel, mng'ono wa Frank ndi Jesse wa zaka 8, anafa, ndipo Zerelda anaduka dzanja lamanja. Frank ndi Jesse sanagwidwe.

Zimene Edwards anakhala akulemba zaka zisanu, usiku umenewo zinaoneka ngati zoona. Ngakhale anthu odana ndi achifwambawo anakwiya kuti alendo olipidwa ndi makampani apha mwana. M'nyumba ya malamulo ya Missouri munabwera bilu yoti abale a James ndi a Younger akhululukidwe milandu ya nthawi ya nkhondo, ndipo aphungu ambiri anaivomera, kungoti sanakwane magawo awiri mwa atatu amene ankafunika. Mu Epulo chaka chomwecho mnansi wawo Daniel Askew, amene ankamuganizira kuti anathandiza a Pinkerton, anawomberedwa pakhomo pake. Za iye sizinalembedwe ndakatulo.

Kumene zinthu zinasokonekera ndi kumene kunalibe owabisa. Pa 7 Sepitembala 1876 anthu asanu ndi atatu anafika ku Northfield, m'chigawo cha Minnesota, kutali kumpoto, kudzabera First National Bank. Chimodzi mwa zimene zinawakoka n'choti Adelbert Ames, mkulu wa asilikali a kumpoto amene anakhalapo bwanamkubwa wa Mississippi, anali ndi gawo m'bankiyo. Ndale zinali zikuyendabe m'mitu yawo. Joseph Lee Heywood, amene ankagwirizira udindo wosunga ndalama, anakana kutsegula sefa ngakhale anamuika mpeni pakhosi, n'kuwanamiza kuti loko wake ndi wa nthawi. Kunja anthu a m'tauni anazindikira, anatenga mfuti m'masitolo a zitsulo n'kuyamba kuwombera kuchokera m'mawindo. Achifwamba awiri, Clell Miller ndi Bill Chadwell, anafera mumsewu. Achifwambawo anapha Heywood, anawomberanso Nicholas Gustafson, mlendo wochokera ku Sweden, yemwe anafa patapita masiku. Anathawa ndi madola 26 ndi masenti owerengeka.

Akuti amene ankadziwa njira za ku Minnesota anali Chadwell, ndipo anali atafa. Patatha milungu iwiri akuzungulira m'madambo kukugwa mvula, mnzawo Charlie Pitts anaphedwa pafupi ndi Madelia, ndipo Cole, Jim ndi Bob Younger anagwidwa ali mabala okhaokha. Anavomera mlandu kuti apewe chingwe, n'kulamulidwa kukhala moyo wawo wonse kundende ya Stillwater. Frank ndi Jesse okha ndiwo anapulumuka. Mpaka lero anthu a ku Northfield amachita chikondwerero Sepitembala aliyense kukumbukira tsikulo.

Abale awiriwa anakabisala ku Tennessee, chakufupi ndi Nashville, Frank akudzitcha B. J. Woodson, Jesse akudzitcha Howard. Frank anakhazikika, ankalima ndi kunyamula matabwa. Jesse ulimi unamukanika. Mu 1879 anasonkhanitsa gulu latsopano n'kubera sitima ku Glendale pa 8 Okutobala. Koma awa sanali anzake a kunkhondo amene anagonera limodzi m'tchire. Anali anyamata ongofuna ndalama, osakhulupirirana. Chachikulu n'chakuti dziko linali litasintha. Malamulo oletsa anthu a kumwera kuvota anali atachotsedwa, chipani cha Democratic, chimene anthu a kumwera ankachikonda, chinali chikulamulira Missouri, ndipo akuluakulu akale a ogalukira anali maseneta. Nkhondo imene Jesse ankati akumenya inali itapambanidwa ndi mavoti. Tsopano iye anali chochititsa manyazi, chifukwa nyuzipepa za kwina zinkatcha Missouri chigawo cha mbava, ndipo amalonda ankaopa kuikamo chuma.

Pa 15 Julayi 1881, ku Winston, gululi linakwera sitima ngati apaulendo n'kupha kondakitala William Westfall ndi wapaulendo Frank McMillan. Bwanamkubwa wa Missouri, Thomas Crittenden, wa Democratic koma yemwe pankhondo anali kumbali ya boma, sankaloledwa ndi lamulo kulonjeza mphotho yaikulu kuchokera m'thumba la boma. Anaitanitsa akuluakulu a makampani a njanji, iwo n'kusonkha: madola 5,000 pa aliyense wa abale a James akaperekedwa, ndi ena 5,000 akapezeka wolakwa. Ndalama imeneyo inalowa m'gulu ngati chiswe. Jesse anayamba kukayikira aliyense. Ed Miller, mmodzi wa m'gululo, anasowa, ndipo anzake ankakhulupirira kuti wamupha ndi Jesse. Wood Hite, msuweni wa Jesse, anaphedwa pa mkangano ndi anzake a m'gulu, Dick Liddil ndi Bob Ford. Liddil, poopa kubwezera, anakadzipereka kuboma n'kuulula zonse. Bob Ford anakumana ndi bwanamkubwa mwachinsinsi.

Pofika Epulo 1882 Jesse ankakhala m'nyumba ya lendi ku St. Joseph ndi mkazi wake ndi ana awiri, akudziwika kuti Thomas Howard. Anthu amene anatsala nawo anali awiri okha, Charley Ford ndi mng'ono wake Bob wa zaka 20, ndipo ankagona m'nyumba momwemo, kudya mbale imodzi. M'mawa wa pa 3 Epulo, atatha kadzutsa, Jesse anavula mfuti zake n'kuziika pabedi, anakwera pampando kuti apukute fumbi pachithunzi cha pakhoma. Bob anamuwombera kunkhongo. Anali ndi zaka 34.

Pa 17 Epulo abale a Ford anaimbidwa mlandu wakupha, anavomera, analamulidwa kuti anyongedwe, ndipo bwanamkubwa anawakhululukira, zonsezi tsiku limodzi. Anthu sanachedwe kuona kuti boma lagwirizana ndi mbava kuti munthu aphedwe osazengedwa mlandu, ndipo kafungo kameneka kanamaliza ntchito ya Edwards: wakupha anthu ambiri uja anasanduka wophedwa mwachinyengo. A Ford analandira kagawo kochepa chabe ka mphothoyo. Ankayendayenda m'mabwalo a zisudzo kuonetsa mmene anamuphera, anthu akuwakuwiza. Charley anadzipha mu 1884, akudwala chifuwa chachikulu. Bob anawomberedwa mu Juni 1892 m'bala lake la tenti ku Creede, Colorado, ndi munthu wotchedwa Edward O'Kelley.

Frank ndiye anaseka pomaliza. Pa 5 Okutobala 1882, Edwards atakonza njira, analowa muofesi ya Crittenden n'kupereka mfuti yake. Anazengedwa mlandu wa ku Winston mu 1883 ku Gallatin, Jo Shelby n'kudzamuikira kumbuyo, ndipo anapezeka wosalakwa. Ku Alabama mu 1884 zinateronso. Sanapezekepo wolakwa pa mlandu uliwonse. Anagulitsako nsapato, anayang'anirako pakhomo la nyumba ya zisudzo ku St. Louis, anayendako ndi Cole Younger m'chionetsero Cole atatuluka kundende, n'kumwalira pafamu ya kwawo mu 1915 ali ndi zaka 72. Mkazi wa Jesse anafa wosauka mu 1900.

Kwa zaka zambiri kunkatuluka nkhalamba zonena kuti ndizo Jesse weniweni, kuti wophedwa ku St. Joseph anali wina. Mu 1995 akatswiri anafukula mafupa ake n'kuyeza DNA poyerekeza ndi ya zidzukulu za mlongo wake Susan, ndipo zinagwirizana.

Poyamba Zerelda anamuika mwana wakeyo pabwalo la nyumba, pafupi ndi windo, kuopa akuba mitembo. Alendo anayamba kubwera ambirimbiri, iye n'kumawalipiritsa kuti aone nyumba ndi manda, akuwaonetsa dzanja lodukalo. Wofuna chikumbutso ankamugulitsa kamwala ka pamandapo pa masenti 25. Timiyala tikachepa, ankakatola tina kumtsinje wa kuseri kwa nyumba n'kudzathirapo.